ZA NYIMBO NDI MAGULE: Foni sidziwa nyimbo imene sidaimvepo

Tsiku la msika pa Tsangano kapena pa Furancungo, mkangano wa nyimbo susowa. Wailesi ya wogulitsa kaunjika ikangotulutsa nyimbo yakale, pomwepo anthu agawikana. Wina akuti ameneyo ndi Allan Namoko, wina akuti ayi, ndi Michael Yekha, wachitatu akulumbira kuti onse awiriwo alakwa. Kale mkangano wotere unkatha ndi kubetcha, kapena kulemba kalata ku wailesi ndi kudikira yankho milungu itatu. Masiku ano mnyamata amangopisa m'thumba, kutulutsa foni, kuiloza kumene kukuchokera nyimboyo, ndipo posakhalitsa dzina la woyimba laoneka.

Anthu ambiri akufunsa kuti kodi zimenezi zimatheka bwanji. Ena afika ponena kuti tsopano palibenso chifukwa chovutikira kufunsa akuluakulu za nyimbo, poti foni ikudziwa zonse. Nkhani ya sabata ino ikuunika maganizo amenewa, chifukwa muli choona pang'ono, komanso muli bodza limene lingathe kutayitsa anthu a m'malire muno chuma chawo.

Makinawa amagwira bwanji ntchito?

Zimene zili m'mafonimu ndi mapologalamu a kompyuta amene amaphunzira poona ndi pomva zinthu zambirimbiri. Pa Chingerezi amawatcha AI, pa Chipwitikizi IA, kutanthauza nzeru zochita kupanga. Pa nkhani ya nyimbo alipo a mitundu inayi amene munthu wa pamudzi angakumane nawo.

Woyamba ndi wozindikira nyimbo, monga Shazam. Ameneyu adayamba ku Britain m'chaka cha 2002. Nthawi imeneyo munthu ankayimba nambala ya 2580, kuyandikiza foni ku nyimbo, kenaka dzina lake linkabwera pa uthenga wa pafoni. Kampani ya Apple idagula Shazam mu 2018. Kagwiridwe kake kakufanana ndi chidindo cha chala cha pa chiphaso. Makina amatenga kachidutswa ka nyimbo, kupanga chidindo chake, ndi kuchifanizira ndi zidindo za nyimbo zimene zidasungidwa kale m'nkhokwe yake. Chikafanana, dzina latuluka. Chikapanda kufanana, palibe yankho.

Wachiwiri ndi wa Google, amene adayamba mu Okutobala 2020. Ameneyu salira kuti nyimbo ikhale ikulira pa wailesi. Munthu amangong'ung'udza kapena kuyimba mluzu kwa masekondi 10 kapena 15, ndipo makina amafanizira kakwera ndi kutsika kwa mawuwo ndi nyimbo zimene akuzidziwa.

Wachitatu ndi wosankhira anthu nyimbo, amene ali mu YouTube, TikTok, Boomplay ndi Spotify. Spotify idafika ku Mozambique ndi ku Malawi mu 2021. Makina amenewa amaona zimene munthu wamvera, amaonanso zimene anthu ena okonda zofanana ndi zake amvera, ndipo amamubweretsera zina.

Wachinayi ndi wocheza naye, monga ChatGPT amene adatuluka mu Novembala 2022. Munthu amalemba funso, iye amayankha ngati mphunzitsi.

Zabwino zake zilipo

Mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo kalumo aka kakumetadi. Nyimbo za oyimba amene adajambula m'masitudiyo ndi kuziika pa intaneti, monga malemu Lucius Banda amene adamwalira mu Juni 2024, zimapezeka mosavuta. Muulutsi wa pa wailesi amene kale ankasanthula makaseti usiku wonse pofuna nyimbo imene womvera wapempha, tsopano amaipeza madzi a nsima asanawire.

Makina osankhira anthu nyimbo adachitaponso zodabwitsa. A Giddes Chalamanda a ku Chiradzulu adayimba zaka zambirimbiri akudziwika makamaka kwawo. Mu 2020 adajambulanso nyimbo zawo pamodzi ndi Patience Namadingo. Imodzi mwa izo, Linny Hoo, idalowa pa TikTok, makina adayamba kuikankhira kwa anthu a m'maiko akutali, ndipo pofika kumayambiriro kwa 2022 idali itaonedwa koposa ka 80 miliyoni. Nkhalamba ya zaka zoposa 90 idamveka dziko lonse.

Palinso ntchito yotsuka mawu. John Lennon wa gulu la Beatles adajambula nyimbo pa kaseti m'nyumba mwake ku New York asanaphedwe mu 1980. Kwa zaka zambiri anzake adalephera kuigwiritsa ntchito chifukwa mawu ake adasakanikirana ndi piyano. Makina ophunzirawa adakwanitsa kulekanitsa ziwirizi, ndipo nyimboyo idatuluka mu Novembala 2023. Mfundo imeneyi ndi yofunika kwa mabanja amene akusungabe makaseti akale m'masutikesi, a kwaya ya pa tchalitchi, a ukwati, kapena a gulu la ngoma. Kaseti yolira phokoso isatayidwe. Lero pali njira zochepetsera phokosolo zimene kale kudalibe.

Pamene foni imakakamira

Tsono munthu atenge foni yomweyo, apite nayo pa bwalo pamene amayi akuvina chimtali ku Chidzolomondo. Aiyandikize kwa mayi amene akusinja chimanga uku akuyimba nyimbo ya pamtondo ku Ntengo-wa-Mbalame. Aiyese pamene madoda a Chingoni agwira zishango ndi zibonga ndipo fumbi la ngoma lakwera. Foni izungulira, izungulira, kenaka inena kuti sidapeze kanthu, kapena ipereka dzina la nyimbo ya dziko lina imene sikugwirizana konse.

Chifukwa chake ndi chosavuta. Makinawa ali ngati nkhokwe. Munthu amatapamo zimene adathiramo. Nyimbo imene sidajambulidwepo, kapena idajambulidwa koma sidaikidwe m'nkhokwe imeneyo ndi dzina lake, kwa makina kulibe. Komanso Shazam amazindikira kujambula kumodzi komweko. Nyimbo ya m'mudzi sikhala chimodzimodzi kawiri. Wotsogolera amasintha mawu malinga ndi zimene zachitika m'mudzi sabata imeneyo, ndipo woyimba mbalule amatsata mapazi a wovina amene ali m'bwalo nthawi imeneyo.

Chinenero nachonso chimavuta. Google Translate idayamba kumasulira Chichewa mu 2014, koma imathandiza pa mawu a tsiku ndi tsiku. Nyimbo za kuno zimayankhula mozungulira. Mayi wa pamtondo akamadandaula za nkhuku ya eni imene yalowa m'khola mwake, mudzi wonse umadziwa kuti sakunena nkhuku. Makina amamasulira nkhukuyo basi. Nyimbo za ngoma zili ndi mawu akale a Chingoni, ofanana ndi Chizulu, amene ngakhale ovina ena sangawamasulire onse. Pologalamu yotchuka yolemba mawu olankhulidwa, Whisper, imene idatuluka mu 2022, idabwera ndi zinenero pafupifupi 100. Chiswahili ndi Chishona zidalimo, Chichewa mudalibe.

Choopsa kwambiri ndi makina ocheza nawo aja. Shazam akalephera amangoti sadapeze. Koma wocheza nayeyu nthawi zambiri safuna kugonja. Ntchito yake ndi kulumikiza mawu amene akuoneka kuti akuyenerana, kotero angathe kupeka dzina la woyimba, chaka ndi mudzi, ndi kuzinena mosaphethira ngati mboni yabodza pa bwalo la mfumu. Mwana wa sukulu akalemba zimenezo m'kope, kapena muulutsi akaziwerenga pa wailesi, bodza lasanduka mbiri. Safunsa adadya phula. Yankho lililonse la makina lokhudza gule wa kuno liyenera kukafika kaye kwa nyakwawa, kwa namkungwi kapena kwa woyimba ng'oma wakale kuti alitsimikize.

Nyimbo zakale zili kuti?

Komatu sikuti nyimbo zonse za makolo zidapita ndi mphepo. Zina zidasungidwa, ndipo apa ndi pamene foni ingathandize munthu wodekha.

Hugh Tracey adayenda m'maiko ambiri a Afrika ndi galimoto yonyamula makina ojambulira mawu. Ku Nyasaland, amene lero ndi Malawi, adajambulako m'zaka za 1950, 1957 ndi 1958, ndipo adafika m'maboma ngati Dedza, Lilongwe ndi Kasungu. Mu 1954 adakhazikitsa nyumba yosungira nyimbo yotchedwa International Library of African Music, mwachidule ILAM, imene kuyambira 1978 ili pa yunivesite ya Rhodes mu mzinda wa Makhanda ku South Africa. Adatulutsa mbale za galamafoni zoposa 200. Mwana wake, Andrew Tracey, adalemba za gule wa nyanga wa Anyungwe a kuno ku Tete mu 1971. Gerhard Kubik wa ku Austria adakumana ndi Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka mu 1967, ndipo adajambula ndi kulemba zambiri za iwo. Nyumba za wailesi za Rádio Moçambique ndi MBC nazonso zidajambula oyimba a m'midzi kwa zaka zambiri, ndipo bungwe la ARPAC lili ndi ntchito yofufuza ndi kusunga za chikhalidwe m'dziko muno.

Malire amene Angerezi ndi Apwitikizi adagwirizana mu 1891 adadula midzi, koma sadadule nyimbo. Achewa a ku Macanga ndi a ku Lilongwe amavina gule mmodzi. Angoni a ku Tsangano ndi a ku Ntcheu ndi a Maseko onse, ndipo mbiri yawo imadutsa pa phiri la Domwe. Kotero nyimbo imene idajambulidwa ku Dedza mu 1958 ingathe kukhala yomwe agogo a kuno ankayimba pa chinamwali kapena pa mowa wa dima.

Wofufuza pa foni adziwe chinthu chimodzi: azungu aja adalemba maina a nthawi yawo. Ntcheu adalemba Ncheu. Nkhotakota adalemba Kota Kota. Chipata idali Fort Jameson, ndipo Ulónguè idali Vila Coutinho. Chinenero chomwechi pena adalemba Nyanja, pena Chewa, pena Mang'anja. Amene akulemba dzina la lero lokha angaganize kuti kulibe kanthu, chonsecho nyimbo ili pomwepo pansi pa dzina lakale. Athandizenso makina polemba dzina la choyimbira, monga bangwe, kaligo, kalimba kapena mkangala, uta uja woyimbira pakamwa umene amayi a Chingoni amaudziwa bwino.

Nanga n'chifukwa chiyani nyimbo za Tracey zikupezeka lero, patapita zaka zoposa 60? Sikuti makina ake adali amphamvu kuposa foni ya lero. Foni ya mnyamata wa kabaza imajambula mosavuta kuposa katundu yense wa m'galimoto muja. Chinsinsi chidali cholembera. Nyimbo iliyonse idali ndi khadi lake: malo, chinenero, choyimbira, oyimba, ndi tanthauzo lake mwachidule. Popanda khadi limenelo, nyimbozo zikadangokhala phokoso lopanda mwini.

Mpata umene nkhondo idasiya

Maboma a Tsangano ndi Macanga ali ndi vuto lawolawo. Pa nkhondo imene idayamba mu 1977 ndi kutha ndi mgwirizano wa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, midzi yambiri ya m'malire muno idatsala mabwinja. Anthu pafupifupi miliyoni imodzi a dziko lino adathawira ku Malawi, ndipo ambiri a kuno adamanga zisakasa m'mbali mwa msewu wa Dedza ndi Ntcheu, akuyang'ana minda yawo tsidya lina. Ng'oma zidapsa m'nyumba, ena oyimba adafa, ndipo ofufuza sakadatha kuyenda m'midzi ndi makina.

Koma anthu sadaleke kuyimba. Padali nyimbo za kuthawa, za mzere wolandirira ufa ndi nandolo, za kusowa kwawo, ndi za kubwerera. Amene adali amayi ndi abambo a zaka 30 pamene nkhondo inkatha, lero adutsa zaka 60. Amene adali akuluakulu nthawi imeneyo, ambiri adagona kale. Nyimbo zimenezi zili m'mitu ya anthu amene akuchepa chaka ndi chaka. Palibe makina a ku America kapena ku China amene angazipeke molondola mwini wake atapita.

Zoyenera kuchita

Ntchito imeneyi silira ndalama zambiri. Ilira foni, memore khadi, kope ndi ulemu. Nyengo yabwino ndi yokolola ikatha, mbatata ya kachewere ndi tirigu zitachoka m'munda, fodya atapita ku msika, pamene anthu ali ndi mpata wokhala pansi.

Wojambula ayambe wapempha. Mdzukulu sangangotulukira ndi kuloza foni kumaso kwa nkhalamba. Akhale pansi, apereke moni, anene kuti: "Agogo, ndimati mundiyimbire nyimbo ija munkayimba posinja, kuti ana athu adzaimve." Akakana, wakana. Ngati ndi gule wa pa bwalo, mfumu ndi atsogoleri a gululo adziwe.

Asanayambe kuyimba, wojambula alankhule m'foni momwemo zinthu izi: tsiku, mudzi ndi mfumu yake, dzina ndi mfunda wa woyimba, mtundu wa nyimbo, nthawi imene imayimbidwa, ndi amene adamuphunzitsa. Nyimbo ikatha, woyimbayo afotokoze tanthauzo lake ndi pakamwa pake. Kufotokozako nthawi zina kumaposa nyimboyo mtengo. Mawu a nyimbo alembedwenso m'kope monga mwini wawatchulira, osawakonza kuti amveke ngati a m'buku la sukulu.

Malo akhale kutali ndi chigayo, njinga zamoto ndi mphepo. Foni isayandikire kwambiri ng'oma, chifukwa ng'oma imameza mawu a anthu. Zojambulazo zisungidwe pawiri, poti foni imabedwa, imagwa m'madzi, ndipo memore khadi imafa osatsanzika. Imodzi ikhale kunyumba, ina kwa mphunzitsi, ku tchalitchi kapena ku wailesi ya m'dera. Anyamata amene amathira nyimbo m'mamemore khadi pa misika ali ndi makompyuta, ndipo angathandize kukopera ndi kulemba maina bwino. Dzina lakuti "nyimbo 14" silithandiza aliyense. Lilembedwe dzina la gule, mudzi ndi chaka. Nyimbo yolembedwa chotere ikadzafika pa intaneti mwa chilolezo cha eni, makina aja adzaipeza, ndipo mdzukulu amene ali ku Beira kapena ku Joni adzaimva.

Si zonse zopita pa intaneti

Apa pafunika kuchenjera. Bungwe la UNESCO lidalengeza mu 2005 kuti Gule Wamkulu wa Malawi, Mozambique ndi Zambia ndi chuma cha dziko lonse lapansi, chaka chomwe lidalemekezanso timbila ya Achopi. Ulemu umenewu sudatsegule dambwe. Zimene gule amavina pa bwalo, pa maliro kapena pa mwambo wa Kulamba ku Mkaika, anthu onse amaziona. Za kudambwe ndi za kutsimba zili ndi eni ake, ndipo mwambo umaletsa kuziulula. Chinthu chikalowa pa intaneti sichibwereranso. Makina amachikopera, kuchisakaniza ndi zina, ndi kuchipereka kwa aliyense wofunsa, mwana kapena mlendo. Mnyamata wofuna kutchuka pa TikTok angathe kuononga tsiku limodzi zimene mudzi udasunga mibadwo yambiri.

Palinso nkhani ya umwini. Solomon Linda wa ku South Africa adajambula nyimbo yotchedwa Mbube mu 1939. Nyimboyo idawoloka nyanja, idasinthidwa, idalowa m'mafilimu ndipo idapindulitsa anthu ena ndalama zankhaninkhani. Mwini wake adamwalira ali mmphawi mu 1962, ndipo ana ake adadzapeza chilungamo mu 2006 atapita kukhoti. Dzina la bambo wawo lidali pa mbale yoyamba ija. Lero kuli makina ngati Suno ndi Udio amene amapeka nyimbo zatsopano ataphunzira pa nyimbo za anthu ena, ndipo mu Juni 2024 makampani akuluakulu a nyimbo ku America adawasumira pa chifukwa chimenechi. Ngati makampani olemera akudandaula, nanga gulu la chimtali la pamudzi? Chaona mnzako chapita, mawa chili kwa iwe. Oyimba amene amapeka nyimbo zawozawo adziwe kuti kuli mabungwe oteteza umwini, SOMAS ku Mozambique ndi COSOMA ku Malawi. Ndipo wojambula aliyense asaike nyimbo ya mnzake pa intaneti popanda kumuuza ndi kulembapo dzina lake.

Kotero foni igwire ntchito imene ingathe: kuthetsa mikangano ya pa msika, kufufuza zimene zidasungidwa ku Makhanda ndi kwina, kutsuka makaseti akale. Koma nyimbo za Tsangano ndi Macanga zidzalowa m'nkhokwe pokhapokha ana a m'midzi yomweyi atazithiramo, ndi maina a eni ake. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Agogo amene ali pakhonde lero akuwothera dzuwa ndiwo ayenera kufunsidwa chilimwe chino, chifukwa palibe akudziwa ngati mvula ikubwerayi idzawapeza.